Tisachotse ndowa ya pulasitiki pachithunzi cha agogo

Tikakwera basi pa Intercity ku Lusaka kupita kwathu ku Lundazi, chinthu choyamba chimene timaonetsetsa ndi chaji ya foni. Tikudziwa zimene zikutidikira kwa Kapichila. Madzulo nsima ikatha, wina amatulutsa banjo yake yopanga yekha ndi chigubu komanso waya wa mabuleki a njinga. Wina amabwera ndi ng'oma, amayi amatenga visekese, ana amayamba kuwomba m'manja. Palibe amene waitana anthu. Nyimbo zimangoyamba zokha, zina m'Chitumbuka, zina m'Chinyanja, ndipo ife a m'tauni timakweza mafoni m'mwamba.

Kujambula kulibe mlandu. Mlandu umayamba m'mawa mwake, tikakhala pakhonde n'kutsegula Snapseed kapena Lightroom. Tiyeni tivomereze zimene timachita. Timayeretsa khungu la amalume mpaka aoneke ngati munthu wina. Timafufuta ndowa ya pulasitiki imene mnyamata ankaiomba ngati ng'oma, chifukwa ikuononga "chikhalidwe". Timachotsa nyali ya sola ndi malaya a timu ya mpira, kenako timasandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera kuti chioneke ngati cha kalekale. Pomaliza timachiika pa Facebook ndi mawu akuti "kumudzi", osalemba dzina la munthu ngakhale mmodzi.

Ife tikuti kumeneku n'kunamiza. Ndowa ija inalidi pamenepo, ndipo inkalira bwino. Anthu a kwa Kapichila sakhala m'nthano. Amamvera wailesi, amalima, amaonera mpira, ndipo nyimbo zawo zimatola chilichonse chimene chili pafupi. Tikachotsa zinthu za masiku ano, timapanga mudzi umene kulibe, n'cholinga chosangalatsa anzathu a ku Kabwata ndi ku Chilenje.

Palinso mapulogalamu onga Remini amene amati amawalitsa nkhope. Chithunzi cha usiku chikatuluka chosaoneka bwino, pulogalamu yotere siibweza zimene kamera inalephera kugwira. Imalosera chabe, n'kudzaza maso, mano ndi khungu potengera nkhope zina zambirimbiri zimene inaphunzitsidwa nazo. Izi tinaziona tokha tsiku lina titaonetsa agogo athu chithunzi chawo chokonzedwa motere. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti mayi ameneyu ndi wa mudzi uti. Tinaseka, koma kunena zoona zinatichititsa manyazi. Agogo akadzapita, zidzukulu zidzatsala ndi nkhope ya munthu amene sanakhalepo.

Pa nkhani ya mayina, tiphunzire kwa Hugh Tracey, amene anayenda m'mayiko ambiri a kuno kwathu, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland, akujambula nyimbo za m'midzi. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene lero ili pa Rhodes University ku South Africa. Anali munthu wa nthawi ya atsamunda, ndipo nyimbo zija zinapita kutali ndi eni ake. Koma ankalemba dzina la woimba, malo, chilankhulo ndi chida choimbira, n'chifukwa chake lero munthu angathe kufufuza nyimbo ya kwawo. Ife tili ndi zida zoposa zake m'thumba, koma tikusiya zithunzi zambirimbiri zopanda dzina, zopanda tsiku.

Ena anganene kuti, "Nanga oimba eni ake safuna kuoneka bwino?" N'zoona, amafuna. Amalume angakuuzeni kuti mudikire avale jekete. Apo palibe vuto, chifukwa asankha okha. Kusiyana kuli pakuti ndani wasankha: mwini nkhope, kapena ife amene tikufuna ma like.

Ndipo pali nthawi zina pamene foni iyenera kubwerera m'thumba. Vimbuza, gule wa Atumbuka amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndi gule wochiritsa. Amene akuvina pakati nthawi zambiri ndi wodwala. Kodi tingalole mlendo kujambula mayi athu ali pabedi kuchipatala n'kuwaika pa TikTok? Ngakhale malamulo athu salola kuti zinthuzi zizingotengedwa mwachisawawa. Mu 2016 dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za chikhalidwe, ndipo mu 2021 linakhazikitsa Data Protection Act. Koma sitifunika loya kuti atiphunzitse kunena "odi" tisanalowe m'nyumba ya munthu.

Ndiye tichite bwanji? Tipemphe kaye, ndipo tinene kumene chithunzicho chikupita. Tizimitse flash, chifukwa imathobwa oimba m'maso ndipo imapha kuwala kwa moto. Usiku kamera imafuna nthawi yotalikirapo kuti ilandire kuwala, choncho titsamiritse foni pa mpando kapena pa mtondo kuti isagwedezeke. Dzanja la woomba ng'oma likatuluka losaoneka bwino chifukwa cha liwiro, tilisiye momwemo, ndiyo nyimbo imeneyo. Pokonza, tingawonjezere kuwala pang'ono, kuwongola chithunzi chopendekeka, kapena kudula m'mbali. Khungu, nkhope ndi katundu amene analipo tisazikhudze. Tisunge chithunzi choyambirira, ndipo potumiza pa WhatsApp tichitumize ngati document, chifukwa njira ya masiku onse imachifinya n'kuchichepetsa mphamvu.

Tisanagone, tilembe mayina a oimba ngati avomera, mudzi, tsiku, dzina la nyimbo ndi amene anapanga banjo. Tikafika pa boma ku Lundazi kapena ku Chipata, titsukitse zithunzi ziwiri zitatu n'kuzibweza kwa eni ake. Ambiri mwa amene timawajambula sanaonepo zimene timaika pa intaneti.

Mwezi wa Disembala tidzakweranso basi. Banjo idzalira, mnyamata uja adzatenganso ndowa yake. Tidzamufunse dzina, ndipo ndowayo ikhalebe pachithunzi.