Kapepala ka "unamwino" kamene ndinakana kumasulira

Mwezi wa Januwale bambo wina wa pakoleji ina pakati pa tauni ya Johannesburg ananditumizira kapepala kotsatsa maphunziro kuti ndikamasulire m'Chichewa. Ankafuna kukagawa m'matchalitchi a Amalawi komanso ku Park Station, kokwerera mabasi akumudzi. Pakapepalapo panali mtsikana wovala zoyera akumwetulira, ndipo m'munsi mwake munali malipiro a pamwezi okopa maso. Mawu aakulu pamwamba anali akuti nursing. Nditafika pa tizilembo ting'onoting'ono takumapeto ndinapeza kuti maphunzirowo ndi a miyezi 6, osamalira okalamba ndi odwala pakhomo. Ndinawafunsa ngati omaliza sukuluyo amalembedwa m'kaundula wa South African Nursing Council, bungwe lotchedwa SANC. Anandiyankha kuti ine ntchito yanga ndi kumasulira basi. Ndinawabwezera kapepala kawo, chifukwa ndikanalemba kuti "unamwino" bodza lawolo likanatuluka m'kamwa mwanga.

Patangotha masabata atatu ndinakapeza kapepala komweko, katamasuliridwa ndi wina, m'manja mwa achemwali anga amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Mwana wawo wamkazi anali atangolandira zotsatira za matric. Fizi inali R18,000. Achemwali anali atasunga R8,000 ku chipeleganyu, ndipo yotsalayo ankafuna akatenge kwa wakatapila. Nditayamba kuwerengera anandidula pakamwa: "Achimwene, mwanayu ali ndi mtima wa unamwino. Za ndalama tiziona kutsogolo."

Mawu amenewa ndi amene ndikulimbana nawo pano. Tinaleredwa kuti unamwino ndi maitanidwe, moti wofunsa za malipiro amaoneka ngati wopanda chifundo. Ogulitsa maphunziro amadziwa manyazi athuwa ndipo amadyerapo. Iwo ndalama yawo amawerengera mpaka senti yomaliza, koma kholo likafunsa kuti mwana adzalandira zingati amalikumbutsa za kutumikira anthu. Ine ndikuti kholo liwerengere, mokweza mawu, lisanasaine chilichonse.

Choyamba kudziwa n'chakuti ku South Africa munthu satchedwa namwino chifukwa cha yunifolomu. Lamulo la Nursing Act la 2005 limati wogwira ntchitoyi akhale m'kaundula wa SANC. Kuyambira 2020, maphunziro akale atathetsedwa, makomo olowera ndi atatu. Pali Higher Certificate ya chaka chimodzi, yotulutsa wothandizira anamwino. Pali Diploma ya zaka 3, yotulutsa namwino wa ntchito zonse za m'wodi. Pali digiri ya zaka 4, monga ya ku Wits kapena ku University of Johannesburg, yotulutsa namwino yemwenso ndi mzamba. Khomo lililonse lili ndi malipiro akeake. Sukuluyo iyenera kukhala yovomerezedwa ndi SANC pa maphunziro enieniwo, ndipo mndandanda wa sukulu zovomerezeka uli pa intaneti, aliyense akhoza kuuwerenga pa foni. Maphunziro a miyezi 6 aja sali pa khomo lililonse mwa atatuwa. Malipiro amene anali pakapepala anali a munthu wa zaka 4. Anatenga malipiro a wina n'kuwamata pa satifiketi ya wina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tiwerengere. Wakatapila amene achemwali anamupeza ankafuna R30 pa R100 iliyonse mwezi uliwonse. Pa R10,000 ndiye kuti chiwongoladzanja chokha ndi R3,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo isanakhudzidwe. Wosamalira odwala pakhomo nthawi zambiri amayambira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa amene lamulo limalola. Mu Malichi 2025 malipirowo anali R28.79 pa ola. Pa malipiro amenewo, wogwira maola 45 pa sabata ankapeza pafupifupi R5,600 pamwezi. Kuposa theka la ndalamayo likanamapita kwa wakatapila, asanalipire lendi, thiransipoti ndi chakudya. Ndipo apa ndayerekeza kuti ntchito yapezeka tsiku lomwe wamaliza sukulu.

Ena adzati ndiye angopita ku digiri, malipiro ake ndi abwino. Malipirowo ndi abwinodi poyerekeza ndi a wosamalira pakhomo, koma mwana wa mlendo ali ndi funso lina limene mnzake wa ku Soweto alibe. Ophunzira atachita zionetsero za Fees Must Fall, zimene zinayambira pa Wits mu Okutobala 2015, boma linasintha thandizo la NSFAS mu 2018 kukhala losabweza kwa mabanja opeza ndalama zosapitirira R350,000 pachaka. Thandizoli ndi la nzika ndi omwe ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale. Gauteng College of Nursing, yomwe ili ndi nthambi monga Ann Latsky ndi Chris Hani Baragwanath, ili ndi malo ochepa, ndipo boma limayamba ndi ana ake. Mwana wa Mmalawi wokhala ndi pasipoti amalipira yekha zaka zonse 4. Akatsala ndi ngongole, yunivesite imasunga satifiketi yake mpaka alipire. Akamaliza, kuti alembedwe ntchito ngati mlendo amafunika kalata yovomereza yochokera ku unduna wa zaumoyo komanso chilolezo chogwirira ntchito. Ngakhale nzika zenizeni sizikupeza ntchito mosavuta: bungwe la anamwino la DENOSA lakhala likudandaula za anamwino amene amamaliza chaka chotumikira m'zipatala za boma n'kukhala pakhomo, chifukwa zigawo zilibe ndalama zowalembera, pamene m'mawodi anthu akuperewera. Ngongole imayamba kuwerengedwa tsiku losaina. Malipiro amadikira kaundula, mapepala ndi bajeti ya boma.

Enanso adzati ndalama zili ku UK. Nyimbo imeneyi ndaimva kambiri m'magulu a WhatsApp. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa mayiko 55 amene akusowa kwambiri ogwira ntchito zaumoyo, ndipo malamulo a UK amaletsa mabungwe kukakopa anamwino m'mayiko amenewa, ngakhale munthu payekha akhoza kufunsira ntchito. Njira ya osamalira okalamba, yomwe ambiri ankathamangira, inayamba kuchepa mu Malichi 2024 pamene analetsa kutenga banja, ndipo mu Julaye 2025 anaitseka kwa ofunsira ali kunja. Amene anakongola ndalama mu 2023 akudalira khomo limenelo ngongole yawo ikadalipo.

Ndinawauza achemwali kuti ayang'anenso kumudzi. Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inapangidwa mu 2021 pophatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, imaphunzitsa digiri ya unamwino. Makoleji a CHAM monga a ku Nkhoma, Mulanje Mission, Ekwendeni ndi Nguludi akhala akutulutsa anamwino ndi azamba kwa zaka zambiri. Nakonso masamu omwewo ndi ofunika. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo anamwino ophunzira bwino amakhala zaka akudikira kuti boma liwalembe. Koma marandi a ku Randburg amalemera akafika ku Malawi, ndipo mwana akhoza kumaliza wopanda ngongole, dzina lake lili m'kaundula wa Nurses and Midwives Council of Malawi, m'dziko limene palibe angamufunse chilolezo chogwirira ntchito.

Ntchito yosamalira okalamba sindikuinyoza. Azimayi ambiri a kwathu akuphunzitsa ana ndi kumanga nyumba ku Mangochi ndi ku Mzimba ndi ndalama za ntchito imeneyi. Aigulitse ndi dzina lake, pa mtengo wogwirizana ndi malipiro ake. Chimene ndikukana ndi kuiveka dzina la unamwino kuti fizi ikwere. Ndikudzudzulanso ife amene timathandiza malondawa: omasulira amene safunsa, abusa amene amalola timapepala kugawidwa pakhomo la tchalitchi osatiwerenga, ndi ife achibale amene timaopa kukhumudwitsa mwana mpaka kumusiya akalowe m'dzenje.

Lamlungu lina masana tinakhala pansi atatu, achemwali, mwana wawo ndi ine, n'kutsegula mndandanda wa SANC pa foni. Tinausanthula kawiri. Dzina la koleji ija silinapezeke. Mtsikanayo analira, ndipo achemwali anakhala mwezi wathunthu osayankha foni yanga. R8,000 ija ikadali ku chipeleganyu. Mwanayo akubwereza masamu ndi sayansi kuti magiredi ake akwere, ndipo sabata yatha ananditumizira mayina a sukulu zinayi, ziwiri za kuno ndi ziwiri za kumudzi. Pambali pa dzina lililonse analemba fizi ya zaka zonse, kaundula amene adzalowemo, ndi mapepala amene adzafunike. Pansi pake anawonjezera kuti: "Amalume, mundionereko ngati ndawerengera bwino."