Akulu a ku Yezreeli ndi Dimba la Mayi Wamasiye

M'kope lino tiyeni titsegule buku la 1 Mafumu mutu 21. Nkhani ya munda wa mphesa wa Naboti ambiri a ife tinaiphunzira tili ana ku Sande Sukulu, ndipo tikaimva timathamangira kuloza chala Yezebeli. N'zoona, mayi ameneyu anali wouma mtima. Koma tikawerenga modekha tiona kuti Yezebeli sanatole mwala ngakhale umodzi. Iye anangolemba makalata. Amene anapha Naboti anali akulu a m'mudzi mwake momwe, anthu amene ankakhala naye ndi kupembedza naye.

Ahabu, mwana wa Omuri, ankalamulira Israele zaka zoposa 850 Ambuye Yesu asanabadwe. Likulu lake linali ku Samariya, koma anali ndi nyumba ina yachifumu ku Yezreeli, ndipo munda wa Naboti unachita malire ndi nyumba imeneyi. Mfumu inaufuna kuti ilimemo ndiwo zamasamba. Poyamba sinalande. Inalonjeza munda wina woposa uja, kapena ndalama. Munthu wamalonda anganene kuti Naboti anataya mwayi. Koma iye ankadziwa chilamulo. Levitiko 25:23 amaphunzitsa kuti nthaka ndi ya Yehova ndipo siyenera kugulitsidwa mpaka kalekale, pamene Numeri 36:7 amalamula kuti cholowa chisachoke m'fuko lake. Naboti sanali mwini munda woti n'kuugulitsa. Anali wosunga chimene makolo anamusiyira kuti nayenso adzasiyire ana ake. Mfumu itakanidwa inakagona pakama, n'kukana chakudya ngati mwana wolira chidole.

Tsopano taonani m'mene mlandu unayendera, chifukwa apa ndi pamene pali phunziro lowawa. Akulu analengeza tsiku losala kudya, ngati kuti mudzi uli ndi tchimo lofunika kulichotsa pamaso pa Mulungu. Anamukhazika Naboti patsogolo pa anthu. Anapeza mboni ziwiri, monga afunira Deuteronomo 19:15. Mlandu wake unali wonyoza Mulungu ndi mfumu, ndipo anamuponya miyala kunja kwa mudzi monga umo Levitiko 24 amalamulira pa munthu wonyoza dzina la Yehova. Chilichonse chinatsata dongosolo, koma chonsecho chinali bodza. Pa 2 Mafumu 9:26 timamvanso kuti magazi a ana a Naboti anakhetsedwa pamodzi ndi ake, motero sipanatsale wina woti adzafunse za mundawo.

Kusukulu ya Baibulo anatiphunzitsa liwu lina la Chihebri, ashaq, limene Chipangano Chakale chimagwiritsa ntchito kawirikawiri pokamba za kupondereza. Tanthauzo lake ndi kufinya munthu amene sangathe kudziteteza, kumutengera chake mwa mphamvu kapena mwa chinyengo. Ndi liwu lomwelo limene lili pa Deuteronomo 24:14, pa nkhani ya munthu wa ganyu amene ayenera kulandira malipiro ake dzuwa lisanalowe. Choncho m'Baibulo kupondereza si chikwapu cha Farao chokha ayi. Kumachitikanso mwakachetechete, pa mkeka, pakati pa anthu odziwana, msonkhano utatsegulidwa ndi pemphero.

Ife a dziko lino kuponderezedwa timakudziwa. Agogo athu anagwira chibalo ndipo anakakamizidwa kulima thonje pa nthawi ya Apwitikizi. Ambiri a ife tinabadwira kapena kukulira ku Dedza, ku Ntcheu ndi madera ena a Malawi pothawa nkhondo, ndipo mtendere utabwera m'chaka cha 1992 mabanja ena anabwerera n'kupeza minda yawo ikulimidwa ndi ena. Chifukwa cha mbiri imeneyi n'kwapafupi kwa ife kudziika pa mpando wa Naboti nthawi zonse. Koma kodi mpando wa akulu a ku Yezreeli sitinakhalepo?

Tonse taona zimene zimachitika pa maliro ena. Bambo amwalira, mkazi anali pa chitengwa. Dothi la pamanda lisanaume, abale a malemu ayamba kale kuwerenga malata, njinga, matumba a chimanga, ng'ombe ndi dimba la mbatata ya kachewere limene mayiyo wakhala akuthirira ndi manja ake zaka makumi awiri. Akayesa kukana, pamatuluka mawu akuti ndiye anamudya mwamuna wake. Mawu amenewa ndiwo mboni ziwiri zija za ku Yezreeli. Munthu ukamutcha mfiti, palibe amene angaimirire kumbali yake, ndipo katundu wake amatengeka popanda wodandaula. Tisaganizenso kuti vutoli ndi la pa chitengwa pokha. Pa chikamwini taona nkhalamba ikubwezedwa kwawo ndi khasu ndi bulangeti basi, italima pamudzipo moyo wake wonse. Taonanso amalume, amene udindo wawo ndi kusamala mbumba, akubwereketsa munda wa ana a mlongo wawo kwa olima fodya, ndalama n'kudya okha.

Chotipweteka mtima n'chakuti pa misonkhano yotere pamakhala akhristu. Nthawi zina pamakhala mkulu wa mpingo, nthawi zina mbusa amene. Tiyenera kuvomereza kuti ifenso abusa takhalapo chete pa mkeka wotere, podziuza kuti ndi nkhani ya m'banja, kapena poopa kukhumudwitsa munthu amene anapereka simenti yomangira tchalitchi. Akulu a ku Yezreeli nawonso anali ndi zifukwa zawo. Kalata inali ndi chidindo cha mfumu, ndipo anali ndi ana oti awalere. Koma Malemba sanalembepo chifukwa chawo ngakhale chimodzi. Anangolemba kuti anachita zimene anauzidwa.

Ena adzati nkhanizi n'za boma. Malamulo alipodi. Lamulo la malo la chaka cha 1997 linazindikira ufulu wa anthu okhala ndi kulima pa malo motsata mwambo, amuna ndi akazi omwe, ndipo linalola kuti umboni wapakamwa wa anthu a m'deralo ukhale wokwanira ngakhale palibe chikalata. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2019 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pa mzere woyamba wa olandira cholowa, pamodzi ndi ana. Koma Naboti nayenso anali ndi lamulo kumbali yake, lamulo la Mulungu mwini. Chimene chinamusowa ndi munthu mmodzi woti aimirire n'kunena kuti mboni izi zikunama. Ngati lamulo likudalira umboni wa anthu a m'mudzi, ndiye kuti likudalira pakamwa pathu, pakuti anthu a m'mudziwo ndife amene timadzaza mabenchi tsiku la Sabata.

Mulungu sanakhale chete. Anatuma Eliya kukakumana ndi Ahabu m'munda momwemo, ndipo mneneri anamuimba mlandu wa zonse ziwiri, kupha ndi kulanda, ngakhale kuti mfumuyo sinalembe kalata kapena kuponya mwala. Wolandira phindu la chosalungama ali ndi gawo m'chosalungamacho. Makolo athu amati mlandu suwola, ndipo patapita zaka mtembo wa Yoramu, mwana wa Ahabu, unatayidwa m'munda womwe uja wa Naboti. Miyambo 23:10-11 amachenjeza wosuntha malire a ana amasiye kuti ali ndi Mombolo wamphamvu amene adzawaimira pa mlandu. Ambuye Yesu nayenso, pa Marko 12:40, anaika mapemphero aatali ndi kulanda nyumba za akazi amasiye m'chiganizo chimodzi, ndipo ankanena za aphunzitsi a Malemba.

Ahabu atamva chiweruzo anang'amba zovala zake n'kusala kudya, ndipo Mulungu mwa chifundo chake anachedwetsa chilango. Khomo la kulapa silinatsekeke, ngakhale kwa wolanda. Koma kulapa kumene kumakondweretsa kumwamba ndi kwa Zakeyu pa Luka 19, amene analonjeza kubweza kanayi zimene anatenga mwachinyengo. Ngati pakhomo panu pali malata, njinga kapena dimba limene mukudziwa mumtima mwanu kuti ndi la ana a mbale wanu, musadikire Mgonero wotsatira. Pitani kwa mkulu wa mpingo wa m'dera lanu kuti akuperekezeni kokabweza. Mwayi umene muli nawo Ahabu analibe, pakuti eni ake akadali moyo.

Tikupemphanso akulu a mpingo, atumiki ndi amayi a Chigwirizano kuti maliro akachitika tisabalalike tikangoika maluwa pamanda. Tikhalepo pa tsiku logawa katundu, tikhale pafupi ndi wamasiye, ndipo tinene zimene tikudziwa za amene analima mundawo. Abambo ndi amayi amene mukadali ndi mphamvu, lembani zofuna zanu pamaso pa mboni, ndipo muwauze abale anu mukadali moyo. M'kope lotsatira tidzaona Nehemiya mutu 5 ndi nkhani ya katapira m'miyezi ya njala.