Elizabeth Holmes sanadziumbe yekha

Amene amati nkhani ya Theranos ndi ya mayi mmodzi wabodza akupeputsa mlandu. Elizabeth Holmes anayambitsa kampaniyi mu 2003 ali ndi zaka 19, n'kusiya maphunziro pa yunivesite ya Stanford, akulonjeza makina oyeza matenda ambirimbiri ndi timadontho ta magazi a pachala. Pofika 2014 kampaniyo inkatchulidwa mtengo wa madola 9 biliyoni, akuluakulu ngati Henry Kissinger ndi George Shultz ali m'bodi. Koma makinawo ankalephera, moti magazi ambiri ankayezedwa mwakabisira ndi makina ogula kwa makampani ena, mpaka mtolankhani John Carreyrou wa nyuzipepala ya Wall Street Journal anaulula zonse mu 2015.

Ine ndikuti Holmes anakulira m'mudzi umene umalipira bwino munthu wodzitama. Oika ndalama m'makampani ongoyamba kumene ku Silicon Valley amadziwiratu kuti ambiri mwa makampaniwo adzafa, choncho amasaka imodzi yoti idzakule modabwitsa n'kubweza zonse zotayika. Wobwera ndi bizinesi yaphindu lochepa koma lodalirika amabwerera chimanjamanja. Wolumbira kuti asintha dziko lonse ndiye amamutsegulira chikwama. Wachinyamata aliyense wofuna mpamba amaona zimenezi, ndipo amaphunzira msanga kulankhula za mawa ngati zachitika kale.

Ena amayankha kuti makampani otchuka a ndalama zoterezi anaikana Theranos, ndipo chuma chambiri chinachokera kwa anthu olemera monga Rupert Murdoch ndi banja la Walton. N'zoona ndithu. Nanga WeWork? Kumeneko akatswiri enieni, Benchmark ndi SoftBank, ndiwo anakweza Adam Neumann mpaka kampani yake yobwereketsa maofesi inatchulidwa mtengo wa madola 47 biliyoni kumayambiriro kwa 2019. Chaka chomwecho zinthu zinasokonekera, iye n'kutula pansi udindo. Sipanathe zaka zitatu, kampani ya Andreessen Horowitz inamupatsa madola pafupifupi 350 miliyoni oyambira bizinesi ina. Neumann sanazengedwe mlandu wachinyengo, ndipo sindikumufanizira ndi Holmes pa zimenezo; chondivuta n'chakuti amene akuyamba lero aona poyera kuti kumwaza chuma cha ena sikutsekera munthu khomo, bola akhale wodziwa kulonjeza.

Enanso amati popanda kulimba mtima kotere sipakanakhala Google kapena Amazon. Sindikana, kuyesa n'kulephera si tchimo. Koma pulogalamu ya pafoni ikalakwika amaikonza mawa, pamene zotsatira zolakwika za magazi zimatha kumwetsa munthu mankhwala osayenera. Odwala a ku Arizona amene ankayezetsa m'masitolo a Walgreens sanavomere kulowa nawo juga imeneyi, ndipo Theranos inafafaniza zotsatira zikwizikwi zimene inawapatsa. Mu Januwale 2022 khoti linapeza Holmes wolakwa pa milandu inayi yonamiza oika ndalama, ndipo pambuyo pake anamugamula zaka zoposa 11. Pa milandu yonamiza odwala anamupeza wosalakwa.