Kodi Maukonde a Anthu Angayezedwe pa Sikelo Imodzi?

M'maphunziro a chiyankhulo ndi chikhalidwe timakumana ndi ganizo loti anthu amakhala ngati ukonde wa asodzi: munthu aliyense ndi mfundo, ndipo ubale wa anthu awiri ndi ulusi wolumikiza mfundozo. Tikavomereza fanizoli, pamabwera funso: kodi ukonde wa amayi a pamsika ukufanana motani ndi wa ophunzira a m'kalasi imodzi? Akatswiri ali ndi njira zoyankhira funsoli ndi masamu. Ine sindikutsutsa masamuwo. Chomwe ndikunena n'chakuti nambala yotulukayo imangotsatira zomwe woyeza uja anasankha kuzitcha ubale, ndipo ntchito yosankhayi ndi yathu ife ophunzira chiyankhulo.

Njira yosavuta ndi yoona kuthithikana kwa ukonde. Anthu akakhala 10, maubale a awiriawiri omwe angatheke ndi 45. Ngati omwe alipodi ndi 9, ndiye kuti ukondewo wadzaza gawo limodzi mwa magawo 5. Njira ina inachokera kwa Paul Jaccard, katswiri wa zomera wa ku Switzerland, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankafanizira zomera za m'madera osiyanasiyana a m'mapiri. Timawerenga ulusi wopezeka m'maukonde onse awiri, n'kugawa ndi ulusi wonse wopezeka mu uliwonse. Yankho likayandikira 1 ndiye kuti maukondewo ndi ofanana kwambiri, likayandikira 0 ndi osiyana. Koma njirayi imafuna kuti anthu a m'maukonde awiriwo akhale omwewo.

Kumene njirazi zimagwira bwino ndi kumene wofufuza wayamba wakhala pansi ndi anthu. M'zaka za m'ma 1960, Bruce Kapferer anakhala m'shopu ya matelala mumzinda wa Kabwe ku Zambia, ndipo zomwe anapeza anazisindikiza mu 1972. Iye anatsata antchito 39 pa nthawi ziwiri zotalikirana miyezi 7. Sanangolemba kuti uje amadziwana ndi uje ayi. Anasiyanitsa ubale wothandizana pa ntchito ndi ubale wocheza. Itatha nthawi yoyamba, antchitowo anayesa kunyanyala ntchito koma zinakanika. Pofika nthawi yachiwiri ukonde wocheza unali utathithikana, ndipo sitiraka yomwe inatsatira inatheka. Apa kufanizira kuli ndi tanthauzo chifukwa anthu ndi omwewo, malo ndi omwewo, ndipo mawu oti ubale akutanthauza chinthu chimodzi m'nthawi zonse ziwiri.

Vuto limayamba tikanyamula sikelo kupita nayo kwina. Ambirife tawerengako za Lesley Milroy, yemwe m'buku lake la mu 1980 anafotokoza za kayankhulidwe ka anthu a m'madera atatu a mumzinda wa Belfast: Ballymacarrett, Hammer ndi Clonard. Iye ankapatsa munthu mapointi kuyambira 0 mpaka 5 poona zinthu monga kukhala ndi abale m'deralo, kugwira ntchito limodzi ndi anthu a m'dera lomwelo, ndi kucheza ndi anzake a kuntchito akaweruka. Anapeza kuti anthu a mapointi ambiri ndiwo ankagwiritsitsa katchulidwe ka kwawo. Ntchito yabwino zedi. Tsono tengani sikelo imeneyi mupite nayo kumudzi wina ku Dedza. Pafupifupi aliyense ali ndi abale pamudzipo, amalima moyandikana ndi anansi ake, ndipo madzulo amacheza ndi omwewo. Ambiri apeza mapointi okwera. Kodi pamenepo tinene kuti mudziwo ndi wofanana ndi Ballymacarrett, kumene amuna ambiri ankagwira ntchito yokhoma sitima zapamadzi? Sikeloyo yalephera ngakhale kusiyanitsa mwini mbumba ndi mkamwini wobwera chaka chatha.

Nkhani ya mkamwiniyi ndi yomwe imandikhutiritsa kwambiri. Pa mwambo wathu, mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapewana. Akakumana panjira wina amapatuka, ndipo sakhalirana pafupi n'kumaseka nkhani. Wofufuza wowerenga kuti ndani amacheza ndi yani adzalemba kuti pakati pa awiriwa palibe ulusi. Chonsecho mkamwini uja akulima munda wa kuchikaziko, ndipo apongoziwo akadwala iye ndi mmodzi mwa othamanga nawo kuchipatala. Koma msuweni, yemwe amanyogodolana naye tsiku ndi tsiku, adzaoneka ngati mzati wa moyo wake. Nanga ankhoswe? Pangathe miyezi osaonekera pakhomo, koma banja likagwedezeka palibe mlandu ungakambidwe iwo palibe. Chichewa chili ndi dzina la ulusi uliwonse: malume, mlamu, nkhoswe, msuweni, mpongozi. Woyeza akaphatikiza onsewa kukhala ulusi wa mtundu umodzi, wataya zomwe chiyankhulo chinasiyanitsa kalekale.

Ngakhale pa intaneti, pomwe makompyuta amawerenga okha, nkhani ndi yomweyi. Pa Facebook ubwenzi umafuna kuti onse awiri avomereze. Pa X, yomwe mpaka 2023 inkatchedwa Twitter, ukhoza kutsatira munthu amene sadziwa n'komwe kuti uliko. Kuika ziwirizi pa sikelo imodzi kuli ngati kufanizira ukwati ndi kusirira. Komanso ukonde ukamakula kuthithikana kumatsika kokha, pakuti munthu sangasunge ubale ndi anthu miyandamiyanda, choncho matelala 39 aja adzaoneka ogwirizana kuposa mzinda uliwonse.

Alipo anzanga ena omwe amati ubale suyezedwa, tingoufotokoza basi. Sindigwirizana nawo. Popanda kuwerenga, Kapferer akanangonena kuti zikuoneka ngati antchito ayamba kugwirizana, ndipo wina akanamutsutsa ndi maonedwe akenso. Chomwe ndikupempha n'chakuti wophunzira wofuna kufanizira ukonde wa ku Ndirande ndi wa kumudzi kwawo ayambe wafunsa anthuwo mayina omwe amatchulira maubale awo, ajambule ukonde wa kucheza paokha, wa kubwerekana ndalama paokha, wa kuthandizana pamaliro paokha, kenako afanizire wa maliro ndi wa maliro unzake.