Chinyengo chayambira pa zisankho zachipulula

Pa 16 Sepitembala 2025 Mmalawi aliyense amene analembetsa anayenera kuponya mavoti atatu: ya mtsogoleri wa dziko, ya phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi ya khansala. Koma mukanatchera khutu ku zimene akuluakulu a zipani ankayankhula chisankhocho chisanachitike, mukanayesa voti ndi imodzi basi. Nkhani imene inali pakamwa pawo inali yoti kodi a Lazarus Chakwera a MCP kapena a Peter Mutharika a DPP adzakwanitsa mavoti opitirira theka, kodi a Dalitso Kabambe a UTM, mayi Joyce Banda a PP ndi a Atupele Muluzi a UDF adzagwirizana ndi ndani, kodi padzakhala chisankho chachibwereza. Maso a mtundu wonse anali kumeneko, ndipo zipani zomwezo zinapezerapo mpata wochita zamanyazi m'madera 229 amene ankafuna aphungu. Nyuzipepala ino ikunena mosapsatira kuti zisankho zachipulula zambiri zimene tinaona mu 2025 zinayenda mwachinyengo, ndipo amene akuyenera kuyankhapo ndi atsogoleri a zipani.

Aliyense amene watsatira mapulaimale akudziwa mmene zimachitikira. Mndandanda wa nthumwi zoyenera kuvota umasungidwa ngati chinsinsi mpaka m'mawa wa tsiku la chisankho, ndipo ukatuluka muli makomiti amene eni dera sanawamvepo. Malo ovotera amasinthidwa usiku. Opikisana ena amadziwitsidwa, ena ayi. Kumene chisankho chachitika, nthumwi zimauzidwa kuti zifole kumbuyo kwa munthu amene zikumufuna, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa yemwe anazigawira ndalama dzulo lake ndi pamaso pa anyamata ake. Mayi wa komiti ya nthambi amene mawa adzakumana ndi anthu omwewo pachigayo kapena pamaliro angaime bwanji pamzere umene mtima wake ukufuna? Woluza akadandaula, kalata yake imakagona ku likulu la chipani. Akatopa amathamangira kukhothi, apo ayi amalengeza kuti adzaima payekha.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa amene amachita zimenezi ndi omwe aja anadzaza misewu mu 2019 kukana zotsatira zofufutidwa ndi Tippex. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 Meyi 2019, Khothi la Supreme linagwirizana nawo mu Meyi chaka chomwecho, ndipo pa 23 Juni Amalawi anavotanso. Dziko lino linatamandidwa kutali. Mu 2025 zipani zinkauza bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lomwe ankalitsogolera ndi a Justice Annabel Mtalimanja, kuti liziika zonse poyera, lilole kuti makina ake aunikidwe, lisabise kanthu. N'zoyenera ndithu kufunsa zimenezo. Koma chipani chimene chikukanika kuwerenga mwachilungamo nthumwi mazana angapo pabwalo la sukulu chilibe nkhope yophunzitsira MEC kawerengedwe ka mavoti a anthu oposa 7 miliyoni.

Matendawa anayambira kumutu. Mu Ogasiti 2024 MCP ndi DPP zinachititsa misonkhano yawo ikuluikulu, ndipo konsekonse mtsogoleri anadutsa popanda wopikisana naye. Ku DPP njira inali itaseseredwa kale mu Januwale chaka chomwecho pamene a Kondwani Nankhumwa ndi anzawo anachotsedwa m'chipani. Ngati pampando waukulu mpikisano umaonedwa ngati mwano, musayembekezere kuti wapampando wa boma kapena wa dera aulemekeza.

Zotsatira zake tinaziona kale, ndipo manambala ake alipo. Pa chisankho cha 2014 aphungu 52 analowa m'Nyumba ya Malamulo ataima paokha. Mu 2019 anafika 55, kufanana ndi aphungu onse a MCP, pamene DPP yomwe inatsogola inali ndi 62. Ambiri mwa oima paokhawo anali anthu a zipani omwe anakankhidwa pa mapulaimale, anthu akumudzi n'kuwasankhabe. Apa ovota anaonetsa zipani kuti amene likulu linamukonda si amene dera linamufuna. Zipani sizinaphunzirepo kanthu, ndipo mu 2025, mipando itakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229, panalibe chifukwa choganizira kuti gulu limeneli lichepa.

Wina anganene kuti palibe cholakwika, chifukwa phungu woima payekha amakhala womasuka. Zikanakhala choncho tikanasangalala. Chimene taona kwa zaka zambiri n'chakuti akangolumbira, ambiri amasamukira kumbali ya boma, yemwe walowa m'boma akhale ndani. Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe limaletsa phungu kuchoka chipani chimene chinamulowetsa m'Nyumba n'kulowa china, siliwakhudza kwenikweni, ndipo ngakhale kwa amene limawakhudza lakhala likuponderezedwa. Tikukumbukira zimene zinachitika a Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP: aphungu anasamuka mwaunyinji, Nyumba inasanduka bwalo la mkangano, ndipo bajeti ya dziko inkachedwa miyezi chifukwa cha gawo lomweli. Mu Epulo 2012 a Bingu atamwalira, ena mwa aphungu omwe dzulo lake ankanyoza mayi Joyce Banda anadzuka atavala makaka a PP. Wovota alibe chochita, chifukwa gawo 64, lomwe linkamupatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu analichotsa okha mu 1995, ndipo Nyumba zonse zimene zabwera pambuyo pake zakana kulibwezeretsa.

Lamulo la mavoti opitirira theka likukhudza mtsogoleri wa dziko yekha. Phungu amadutsa ngakhale ndi mavoti ochepa, bola aposa anzake. Choncho n'zotheka kuti amene adzapambane, kaya ulendo woyamba kaya pa chibwereza, adzapeza Nyumba yogawikana, momwe bilu iliyonse idzafunika kugula manja. Ndalama zogulira manjawo sizichokera m'thumba la mtsogoleri. Zimachokera ku misonkho yanu, kudzera m'maudindo a unduna, m'makontirakiti ndi m'maulendo akunja.

Ndipo Nyumba ya 2025 inkabwera pa nthawi imene dziko linkafuna aphungu odziwa kuwerenga bajeti. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 mu Malichi 2023, ndipo chaka chotsatira chilala chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Mizere ya mafuta a galimoto, kusowa kwa ndalama zakunja, mtengo wa chimanga ndi wa feteleza, zonsezi zimadutsa m'manja mwa aphungu pamene akuvomereza ngongole za boma ndi kagawidwe ka ndalama. Nanga pa mapulaimale amene tinawaona, ndi angati anafunsidwa maganizo awo pa ngongole za dziko? Anafunsidwa kuti abweretsa nsalu zingati, agula mabokosi a maliro angati, ndipo nthumwi iliyonse ilandira zingati.

Kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti ndi mlandu pansi pa lamulo la zipani za ndale la 2018. Lamuloli linakhala zaka popanda woliyang'anira, mpaka mu 2024 pamene a Kizito Tenthani anasankhidwa kukhala mlembi wa zipani. Ofesiyo tsopano ilipo, ndipo ntchito yake tikufuna tiione m'khothi. Machenjezo a pawailesi amveka mokwanira. Munthu amene wawononga mamiliyoni kugula nthumwi amalowa m'Nyumba ali ndi ngongole, ndipo amayang'ana pobweza. N'chifukwa chake aphungu anakakamira thumba la chitukuko cha m'madera la CDF mpaka khothi linagamula mu Meyi 2025 kuti kuyendetsa thumbali si ntchito yawo.

Amene amavutika kwambiri ndi mchitidwe umenewu ndi amayi ndi achinyamata. Mu 2014 amayi 32 okha ndi amene analowa m'Nyumba ya mipando 193, ndipo mu 2019 sanafike 50. Zipani zimasaina malonjezo a 50-50 pamaso pa makamera, kenako n'kumusiya mayi yekha pabwalo pomwe mnzake wabwera ndi malole a anyamata oledzera.

Za anyamatawo tisazichepetse. Pa 26 Juni 2025 mumzinda wa Lilongwe anthu onyamula zikwanje anavulaza a Sylvester Namiwa, mmodzi wa otsogolera zionetsero, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Mu Novembala 2024 magulu onga omwewo anabalalitsanso zionetsero mumzinda womwewo. Chipani chilichonse chimakana kuti si ake. Koma wina amawalipira, wina amawanyamula pagalimoto, ndipo amene wazolowera kuwagwiritsa ntchito pothamangitsa mnzake wa chipani chimodzi sadzawasiya kunyumba pa nthawi ya kampeni.

Nyumba ya Malamulo inatha pa 23 Julayi 2025, ndipo MEC inalandira zikalata za ofuna kupikisana kumapeto kwa mwezi womwewo. Izi zisanachitike, nthawi inali yochepa koma inalipo. Alembi aakulu a zipani anayenera kutulutsa poyera mindandanda ya nthumwi m'madera onse amene munali madandaulo, ndipo kumene mndandanda unasinthidwa chisankho chinayenera kubwerezedwa ndi voti yachinsinsi, ya pepala ndi bokosi. A Chakwera, a Mutharika ndi atsogoleri anzawo anayenera kunena ndi pakamwa pawo ngati adzabwezeretse gawo 64 akapambana, ndiponso kuzilemba m'mamanifesito awo. Mkulu wa apolisi anayenera kuuza mtundu wa Amalawi kuti amene anatema anthu pa 26 Juni ndi ndani, ali kuti, ndipo akaonekera liti kukhothi.