Lekani kubisala kuseri kwa Aefeso 6



Lamulungu lapitali titaweruka, mayi wina anandiimitsa pakhomo la tchalitchi. Anandipempha kuti ndikadzudzule mwana wake wamkazi wa zaka 15 chifukwa sakumvera makolo. Nditafunsa mlandu wake, ndinamva kuti mwanayo wakana kusiya sukulu ndi kukwatiwa ndi mwamuna wina wogula matemba kunyanja. Mayiwo anatchula Aefeso 6:1 mosajejema. Ndinakana kupita, ndipo lero ndifuna mudziwe chifukwa chake.

Ndimeyo tonse timaidziwa pamtima, koma timaiwerenga ngati munthu wodya nsomba wosankha mnofu. Paulo akulamula ana kumvera, inde, koma kumverako wakuikira malire: kuchitike mwa Ambuye. Tikatsika pa ndime 4, chala chikuloza atate, kuti asakwiyitse ana awo koma awalere ndi kuwalangiza m'njira ya Ambuye. Pa Akolose 3:21 wabwerezanso, kuti ana angataye mtima. Nanga bwanji ndime yoyamba timailalikira mofuula, yachinayi n'kuimeza?

Kumbukirani Jonatani pa 1 Samueli 19. Atate ake, Mfumu Sauli, anamuuza kuti Davide aphedwe. Jonatani anakachenjeza Davide, kenaka n'kuwadandaulira atate ake mwaulemu. Ndani pakati panu anamvapo mlaliki akumutcha mwana wamwano? Mwana wokana choipa sananyoze kholo lake. Walipulumutsa ku tchimo.

Mudzati ndi umphawi. Ndikuudziwa, ndimakhala nanu kuno kwa Kuntumanji. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anatisiya manja ali m'khosi. Koma taganizani za nyanja imene mukuidalirayo. Chilwa anaphwa mu 1968, anaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona ngalawa zitagona pamatope. Madzi akathawa, ndalama za nsomba zimathawa nawo, mkamwini uja n'kunyamula chikwama chake. Mwana wanu amatsala pakhomo panu pomwepo, ali ndi khanda kumsana, wopanda setifiketi. Pamenepo umphawi mwauthetsa kapena mwauonjezera? N'chimodzimodzi ndi anyamata amene mukuwachotsa m'kalasi kuti akakoke makoka ndi kugona m'zimbowera.

Ndinagwira ntchito m'boma zaka zambiri, choncho ndikukumbutseninso za lamulo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti ngakhale chilolezo cha makolo chisatsegule khomo limenelo. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati ambiri a ana n'kuwabwezera kusukulu. Kodi ife a mpingo tidikire mafumu ndi apolisi kuti atiphunzitse chimene Baibulo lathu linanena kale?

Inu abambo, musati poti muli pachikamwini ndiye kuti ana ndi a kuchikazi. Paulo anatchula inu. Inunso atsibweni, eni mbumba, udindo wanu ndi kuteteza ana a alongo anu, osati kuwerenga ndalama za mlendo. Amayi a Mvano, mukamva kuti mtsikana wasiya sukulu, musadikire tsiku la chikwati kuti mukalulutire. Pitani lero. Ifenso akulu a mpingo, nkhani zotere zifike ku seshoni mwana asanatenge pakati, pakuti timachedwa, n'kudzathamangira kumuika pa chilango iye yekha.

Ana inu, musatenge mawu angawa ngati chilolezo cha mwano. Tungani madzi, limani, lemekezani makolo anu. Eli anaweruzidwa chifukwa cholekerera ana ake, ndipo kulanga mwachikondi sindikukutsutsa. Chimene ndikutsutsa ndi kugwiritsa ntchito Mawu a Mulungu ngati chingwe chokokera mwana kumene Mulungu sanamutume.

Mtsikana uja akadali pasukulu. Lachitatu ndikakumana ndi atsibweni ake. Mutikumbukire m'mapemphero, ndipo amene angathe kuthandiza ndi makope kapena yunifolomu andipeze tikaweruka.

Ambuye akudalitseni nonse.