Lamulo la zilembo ziwiri lomwe limatha kukudyerani tsiku

Achinyamata ambiri amene apeza ganyu yolowetsa mafomu mu kompyuta kuno ku Chikweo amaimba mlandu netiweki pa chilichonse. Foda ikachedwa kutseguka, akuti netiweki. Nthawi zambiri amanena zoona, koma ine ndimaona kuti theka la vutoli ndi mafunsidwe athu.

Amene mwagwirapo Linux, kaya pa laputopu kapena pa Termux mu foni, mukulidziwa lamulo la ls. Ntchito yake ndi kuonetsa mndandanda wa mafayilo omwe ali mu foda, basi. Foda ikakhala pa kompyuta yanu yomweyo, mayina amatuluka musanaphethire. Koma mabungwe ambiri amasunga mafayilo pa seva yakutali, ndipo inu mumangolumikizako kudzera pa NFS, njira imene kampani ya Sun Microsystems inayambitsa mu 1984, kapena pa SMB ya makompyuta a Windows. Fodayo imaoneka ngati ili m'manja mwanu, pomwe ili ku Lilongwe kapena kutsidya kwa nyanja.

Mukalemba ls -l simukufuna mayina okha. Mukufuna kukula kwa fayilo iliyonse, mwini wake, ndi tsiku lomwe inasinthidwa. Kompyuta imatha kufunsa seva za fayilo imodziimodzi, n'kudikira yankho isanafunse ina. Zili ngati kutuma wakabaza ku Ntaja kukafunsa mtengo wa sopo, abwere, mumutumenso kukafunsa wa mchere, abwere, kenako wa shuga. Katunduyo si wolemera ayi, chikukuphani ndi maulendo.

Tiyerekeze kuti mu foda muli zithunzi 5,000 za mafomu, ndipo funso lililonse likutenga gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi kupita ndi kubwera. Amenewo ndi masekondi 1,000, pafupifupi mphindi 17, kungoti muone mndandanda! Apo batire ikutha, abwana akuimba foni. Kugula bandulo yaikulu sikufupikitsa mtunda.

Akatswiri analiona vutoli kalekale. NFS yachitatu, ya mu 1995, inabwera ndi READDIRPLUS, yomwe imatumiza mayina ndi tsatanetsatane wake pa ulendo umodzi. Imathandiza, koma foda ikafufuma kwambiri kudikira kumakhalapobe.

Chimene chimandinyansa ine ndi mitundu. Pa Ubuntu, ls wamba anaikonza kuti izikongoletsa mayina, wina wabuluu wina wobiriwira, ndipo kuti idziwe mtundu woyenera imafunsanso seva. Imayambanso yasonkhanitsa mayina onse n'kuwasanja motsatira zilembo isanakuonetseni ngakhale limodzi. Ndiye mukhala mukuyang'ana sikirini yakuda kumaganiza kuti makina afa, eti.

Yesani kulemba \ls -1U. Kamzere kopendekera koyambako kamachotsa zokongoletsa, U akuti osasanja, 1 akuti dzina limodzi pa mzere uliwonse. Mayina amayamba kutsika nthawi yomweyo. Mukafuna tsatanetsatane, funsani wa fayilo imodzi yomwe mukuifunayo.

Ndipo anzanga, musamaunjike zonse mu foda imodzi. Gawani potengera mwezi kapena mudzi, foda iliyonse ikhale ndi mafayilo mazana ochepa. Ngakhale amene simugwira Linux, yesani zomwezi pa Google Drive yanu, makamaka foda ija munathiramo zithunzi zonse za chinkhoswe ndi ukwati.